Mlendo Sadziwa Pobisala Madzi

Ife tidakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene mwana amagona akumva mkokomo wa mtsinje, nadzuka akumva womwewo. Kwathuko munthu akamakwera phiri sasenza madzi. Amangotenga kapu, kapena osatenga n'komwe, pakuti Likhubula, Lichenya ndi timitsinje tina tosawerengeka timamudikira m'njira. Amene adatiphunzitsa zimenezi ndi malume athu, mlongo wawo wa amayi. Iwowa pa unyamata wawo ankasenza katundu wa alendo kupita naye ku Chambe ndi ku Thuchila, ndipo pa Sapitwa adapondapo kochuluka mwakuti adaleka kuwerenga. Kwa ife, mawu a malume pa nkhani ya mapiri adali lamulo.

Tsono nkhani imene tifuna kukusimbirani, owerenga athu, ndi ya masiku atatu amene lamulo limeneli lidatsala pang'ono kutilanda malumewo. Ndipo tinene msanga kuti mlandu waukulu udali wathu, ife amene tidadziwa zoona koma tidatseka pakamwa.

Tidali abale atatu a bere limodzi. Wamkulu mwa ife ankagwira ntchito ku Windhoek, likulu la dziko la Namibia, ndipo mu Juni 2019 adakonza zoti tonse tikakomane kumeneko pamodzi ndi malume, amene n'kuti ali ndi zaka 63. Mphatso imene tidawakonzera idali yoti akakwere phiri lalitali koposa m'dzikomo. Chaka chimenecho mvula idakanika kwambiri, kotero kuti mu Meyi pulezidenti Hage Geingob adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya chilala. Nkhaniyi tidaimva ndithu, koma tidaiyesa ya alimi ndi ng'ombe zawo.

Phiri la Brandberg lili kumpoto chakumadzulo kwa Namibia, m'mphepete mwa chipululu cha Namib, makilomita ngati 30 kuchokera ku katauni ka migodi kotchedwa Uis. Nsonga yake, Königstein, njotalika mamita 2,573. Adamara, amene ndi eni dera, amalitcha Dâures, ndipo dzinali, monganso la Brandberg, limanena za phiri loyaka moto. Munthu amamvetsa chifukwa chake dzuwa likamalowa, pamene matanthwe onse amafiira psuu ngati makala a m'ng'anjo. Akatswiri a miyala amati phirili lidabadwa zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, pa nthawi imene Africa ndi South America ankang'ambikana. Mwala wosungunuka udakwera kuchokera pansi, nuzizira usadatulukire kunja, ndipo pambuyo pake mphepo ndi madzi zidakokolola nthaka yonse youkuta. Chidatsala ndi chimulu cha granite chozungulira, choima chokha pakati pa chigwa.

Kuuma kwa deralo gwero lake ndi nyanja. M'gombe la Namibia mumadutsa madzi ozizira a Benguela ochokera kummwera. Madziwa amaziziritsa mpweya wa pamwamba pake, ndipo mpweya wozizira sukwera kuti ukapange mitambo ya mvula, umangopanga nkhungu. M'tsinde mwa Brandberg mvula ya chaka chonse imakhala mamilimita ngati 100, pamene ku Mulanje malo ena amalandira oposa 2,000. Malume adamvetsera zonsezi, koma chimene chidawakhala m'mutu ndi msinkhu wokha. Adati: "Sapitwa ndi mamita 3,002. Nanga kaphiri aka katiopsa bwanji?"

Malamulo a kumeneko salola munthu kulowa m'phirimo popanda namulondola wa m'deralo, ndipo wofuna kukwera pamwamba amayamba watenga chilolezo ku bungwe la boma losunga za makedzana, la National Heritage Council. Namulondola wathu adali mnyamata wa Chidamara, wowonda, wosachulutsa mawu, wa zaka zosafika 30. Tsiku loyamba adapita nafe m'chigwembe cha Tsisab kukaona chithunzi chimene chidatchukitsa phirili. Titayenda pafupifupi ola limodzi pakati pa miyala, tidachipeza pansi pa thanthwe lopendekeka. N'chaching'ono, masentimita ngati 40: munthu woyenda mwandawala, uta m'dzanja limodzi, m'dzanja linalo kanthu konga chikho, miyendo yake yoyera mbee.

Mzungu woyamba kulemba za chithunzichi adali Reinhard Maack wa ku Germany, amene adachiona mu Januwale 1918 akutsika ku Königstein. Mu 1947 kudafika Bambo Henri Breuil, wansembe wa ku France amenenso adali katswiri wamkulu wa zojambula za m'mapanga a ku Ulaya, ndipo mu 1955 adatulutsa buku lotchedwa The White Lady of the Brandberg. Iwo adaonapo mkazi wachizungu, wofanana ndi zithunzi zakale za pa chilumba cha Crete, naganiza kuti pamalopo padafika alendo ochokera ku nyanja ya Mediterranean. Pambuyo pake kudabwera Harald Pager, amene kuyambira 1977 mpaka imfa yake mu 1985 adakopera zithunzi zoposa 40,000 za m'phirimo. Ntchito yake ndi ya akatswiri ena idaonetsa poyera kuti wojambulidwayo ndi mwamuna wodzola utoto, ndi kuti ojambulawo adali alenje a mu Africa momwemuno, zaka ngati 2,000 zapitazo. Komabe dzina lolakwikalo lidakakamira mpaka lero.

Malume adaseka chikhakhali. "Munthu wophunzira chotere, osasiyanitsa mwamuna ndi mkazi!" Namulondola adangomwetulira, nati: "Adaona zimene adabwera nazo m'maso mwawo." Nafenso tidaseka, osadziwa kuti mawuwo akutidikira kutsogolo.

M'mawa mwake kusadache tidaima pakamwa pa chigwembe cha Ga'aseb, kummwera kwa phiri, kumene galimoto silingapitirire. Namulondola adalamula kuti aliyense anyamule malita 8 a madzi. Tsono lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo tikaphatikiza chakudya, zofunda ndi ziwiya, chikwama chidali cholemera ngati thumba la chimanga losadzaza. Mnyamata uja atapotoloka kukamanga katundu wake, malume adatinong'oneza m'Chichewa, chilankhulo chimene iye sankachimva: "Ana inu, mudaliona kuti phiri lopanda madzi? Mapu anuwo akuonetsa maiwe pamwamba. Mwanayu angofuna kutitopetsa." Tidayang'anana. Wamkulu wathu adali atakhala m'dzikomo zaka zingapo, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti chilala sichisankha chigwa kapena phiri. Koma tidaleredwa kuti mwana satsutsa mkulu pamaso pa mlendo. Aliyense adachotsa malita 3, tidawaika pansi pa mpando, n'kufunditsa chitenje. Malita 12 adatsala m'galimoto.

Ku Ga'aseb kulibe njira monga ife tidziwira njira. Kuli matanthwe aakulu ngati nyumba, osanjikizana ngati wina adachita kuwakhuthula kuchokera kumwamba, ndipo apa ndi apo pali timilu ta miyala tosonyeza kuti padadutsapo munthu. Malo ena tinkakwawa ndi manja, malo ena tinkapatsirana zikwama, malo enanso tinkayenda pa thanthwe losalala, lotsetsereka, limene pofika 10 koloko lidali litatentha ngati chiwaya. Mitengo idali yowerengeka, ina yonenepa tsinde ngati timilambe, makungwa ake akusupuka ngati pepala. Mbira zinkatisuzumira m'ming'alu. Mpweya wa kumeneko ngouma mwakuti thukuta limaphwa lisadanyowetse malaya, ndipo apa ndi pamene pagona msampha: munthu amataya madzi a m'thupi osaona chizindikiro chilichonse pakhungu pake.

Tsikulo tidakwera mamita oposa 1,000. Dzuwa litapendeka tidafika pamwamba, pamalo ogona, pamene mapu adalonjeza maiwe. Maiwewo tidawapeza ndithu: mabeseni okongola osemedwa m'thanthwe, m'kati mwake muli mchenga ndi ndowe za mbira. Madzi n'dontho lomwe. Namulondola sadadabwe, pakuti n'chifukwa chake adatiuza za malita 8. Adangopempha kuti aliyense atulutse mabotolo ake kuti tiwerenge zotsala. Apo tidagwidwa njakata. Aliyense wa ife adatsala ndi lita imodzi yokha, ndipo kutsika kubwerera kugalimoto kudali ulendo wa tsiku lathunthu.

Tidaulula. Mnyamata uja adakhala chete nthawi yaitali, maso ali pa mabotolo aja. Kukalipa kukadatipepukira kuposa chete ameneyo. Kenaka adasonkhanitsa mabotolo opanda kanthu, naitana wamng'ono wathu kuti amtsate. Adayenda kupitirira theka la ola m'kakhwawa kouma, mpaka pamene matanthwe awiri adagundana mitu. Pansi pake padali mpata woti munthu alowe chokwawa ndi mimba. M'katimo, mumdima wozizira, adafukula mchenga ndi manja mpaka m'chigongono, ndipo pang'onopang'ono pansi pa kadzenjeko padayamba kunyezimira. Madziwo adali ofiirira, onunkha dothi, ndipo ankatenga nthawi kuti adzaze kapu imodzi. Patapita maola awiri adabwerako ndi malita 9, osefa pa mpango.

Usikuwo, titauzungulira moto wa tinkhuni tochepa, adatifotokozera. Granite samwa madzi. Mvula ikagwa imatsetsereka pamwamba pake, nilowa m'ming'alu, ndipo kumene mchenga wauvundikira ndi thanthwe lauphimba, dzuwa silingaufikire. Umakhala miyezi yambiri. Malo otero iye adasonyezedwa ndi akuluakulu a kwawo, ndipo ena amawazindikira poona kumene njuchi ndi timbalame zimalowera madzulo. Adatiuzanso kuti mu 2002 akatswiri adapeza m'phiri lomweli kachilombo kamene sikadalowe m'gulu lililonse la tizilombo lodziwika pa nthawiyo, mwakuti adachita kukatsegulira gulu lakelake. "Phiri ili limabisa zinthu zake," adatero. Ndipo adaika lamulo: tidzanyamuka kusadache, ndipo 10 koloko ikadzakwana tidzabwerera, kaya tili pati. Malume, amene masiku onse ndiwo amatseka nkhani, sadanene kanthu. Kudazizira koopsa usiku umenewo, pakuti Juni ndi nyengo yachisanu kumenekonso, ndipo nyenyezi zidatsika pafupi ngati tingazithyole.

Tsiku lachiwiri ndilo lidali la msana wa phiri. Tidayenda ndi matochi mpaka kum'mawa kudayamba kufiira, ndipo kuwala kutafika tidazindikira kumene tidali. Tinkayenda pa mtanda wa matanthwe wokwera ndi kutsika ngati msana wa ng'ona. Uku phompho, uko zigwembe zakuya zimene dzuwa lidali lisadazifikire. Patali pansi, chigwa chachikasu chidatambalala mpaka kumene maso alekezera, mitsinje youma ikuoneka ngati mitsempha ya pa dzanja la nkhalamba. Chakumadzulo, kumalire a thambo, kudali kamzere koyera ka nkhungu ya kunyanja. Padalibe mudzi, padalibe utsi, padalibe tambala wolira. Foni sinkagwira. Ku Mulanje phiri limalankhula nthawi zonse, ndi madzi, ndi mphepo ya m'mikungudza, ndi mbalame. Kuno kudangoti zii, mwakuti munthu ankamva kugunda kwa mtima wake womwe.

Sitidazindikire msanga kuti malume akutsalira. Nthabwala zawo zidatha, kenaka adayamba kuphonya popondera, iwo amene phazi lawo silidaterereke pa Sapitwa. Nthawi itangopitirira 9 koloko adakhala pansi mwadzidzidzi, nagwira katumba ka mwendo kamene kadakokana gwa. Adamuyang'ana mlongo wathu namutchula dzina la malemu amayi, nafunsa ngati tayandikira ku Chambe. Khungu lawo lidali lotentha ndi louma. Namulondola adatsegula chikwama chawo, natulutsa mabotolo awiri. Onse adali odzaza. Chiyambire usiku uja malume ankangogunditsa botolo pamlomo kuti tiziti akumwa. Manyazi adawagwira poona kuti mawu awo ndiwo adatifikitsa pamenepo, ndipo adatsimikiza mumtima kuti gawo lawo alisungire ife.

Königstein idali poteropo, ikuoneka bwinobwino. Namulondola adati padatsala ulendo wosakwana ola limodzi. Tidali titawoloka maiko, titawononga ndalama za miyezi yambiri, kuti tikaime pamwala umenewo. Wamng'ono wathu adati: "Achimwene, bwanji ndithamange ndekha, ndikangogusa pamwambapo n'kubwerera?" Namulondola adapukusa mutu. "Maso ndili nawo awiri okha. Sindingayang'anire magulu awiri." Pomwepo malume adayesa kudzuka, dzandidzandi, akuti tiyeni, palibe chovuta, iwo sadabwererepo panjira chibadwire.

Apa wamkulu wathu adachita chimene palibe mmodzi wa ife adachitapo. Adagwada patsogolo pawo, nawagwira mapewa onse awiri, nati: "Malume, pepani, lero sitikumverani. Khalani pansi, mumwe madzi awa. Dzulo tidakumverani pamene tinkadziwa kuti mwalakwa, ndipo tidakulakwirani ndife." Malume adamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adalandira botolo.

Tidawanyamula awiriawiri mpaka pa phanga limene namulondola ankalidziwa, pang'ono kunsi kwa mtanda uja. M'lita imodzi ya madzi tidasungunula timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, monga amachitira amayi mwana akatsegula m'mimba, ndipo tinkawamwetsa pang'onopang'ono. Tidanyowetsa mpango ndi madzi ochepa n'kuwaika pakhosi ndi pamphumi. Kunja dzuwa lidaswa mtengo. Ola loyamba lidali lalitali kuposa ulendo wonse, pakuti tonse tinkadziwa, ngakhale padalibe wonena, kuti zinthu zikadaipa, thandizo likadafika mochedwa. Tinkaganiza za azakhali kumudzi, ndi mawu amene tikadakawauza.

Masana atapita, maso a malume adayamba kubwerera. Adagona chagada, akuyang'ana denga la phanga, ndipo mwadzidzidzi adaloza ndi chala. Pamwamba pathu padali zithunzi zofiira: nyamalikiti wa khosi lalitali, nyama zonga nswala, ndi anthu oyenda pamzere, ena atanyamula timitolo kumsana. Chifukwa cha nkhawa palibe adaziona polowa. "Ngati ku Chongoni," adatero malume ndi mawu osasa. Adanena zoona. Kumapiri a Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Anthu amene adajambula m'phanga lathuli adakhala pamwamba pomwepa ndi ana awo, opanda mabotolo, opanda mapu. Chuma chawo chidali kudziwa pamene madzi abisala, ndipo nzeru yonga imeneyo ndi imene mnyamata wathu adali atatipulumutsa nayo dzulo lake.

Malume adamuitana. Chiyambire ulendo ankamutchula kuti "mwanayu", koma tsopano adapempha wamkulu wathu kuti amasulire mawu awo bwinobwino, osachotsapo kanthu. Adati: "Bambo, ndidakuderera. Phiri ili ndi lanu. Ine kuno ndine mwana." Mnyamata uja adagwira dzanja lawo ndi manja awiri, nati: "Agogo, tsiku limene mudzandiperekeze ku Mulanje, ndidzanyamula zimene mudzandiuze."

Dzuwa litafooka tidabwerera pang'onopang'ono kumalo ogona, ndipo kadzenje kaja kadatipatsanso madzi. Tsiku lachitatu tidatsika Ga'aseb, chikwama cha malume titagawana. Pansi tidapeza galimoto monga tidalisiyira, ndipo pansi pa chitenje padali malita 12 aja, otentha ngati tiyi. Tidamwa osalankhulana.

Papita zaka tsopano, ndipo nkhaniyi taitembenuza kambirimbiri. Tidawaseka Bambo Breuil, munthu amene nzeru zake zidali zenizeni, zopezedwa ndi thukuta m'mapanga a ku France ndi ku Spain. Cholakwa chawo chidali kuyesa kuti nzeru za kwawo zikwanira ponseponse. Malume nawonso nzeru zawo zidali zenizeni. Pa Mulanje mawu awo akadali oona mpaka lero. Koma adanyamula Mulanje m'maso mwawo, nakauyala pa phiri la eni. Akale adati safunsa adadya phula, ndipo sadanene kuti mwambiwu ngwa ana okha. Munthu akachoka kwawo ukulu wake wa zaka amapita nawo, koma ukulu wa kudziwa malo amaupeza uli ndi mwini, ngakhale mwiniyo akhale wa msinkhu wa mdzukulu wake.

Koma chimene chimatisowetsa tulo kwambiri ndi chete wathu uja wa pagalimoto. Tidamutcha ulemu. Titaunguza bwino tidapeza kuti adali mantha, mantha oti tingaoneke amwano, ndipo mtengo wa mantha athuwo adatsala pang'ono kulipira ndi malume amene tinkati tikuwalemekeza. Kodi zimenezi zimachitika paphiri pokha? M'mabanja mwathu, kangati ana amaona bambo akuleka mankhwala a kuchipatala, kapena amayi akukongola ndalama kwa wokongoza mwakatapila, kapena agogo akugulitsa munda mosaganiza bwino, iwo n'kungoweramitsa mitu, poti mkulu satsutsidwa? Mwambo wathu uli nazo njira zonenera zoona mosachititsa manyazi. Tikadatha kuwatengera malume pambali. Tikadatha kunena kuti madziwo tisenza ndife, iwo ayende chopepuka. Njira zidalipo, chidasowa ndi kulimba mtima kwa mphindi imodzi.

Malume ali moyo, ndipo nkhaniyi amaisimba okha pabwalo, osabisa mbali yawo. Anyamata amene amaperekeza alendo ku Likhubula akawafunsa za phiri lalikulu limene adakwerapo, iwo amatchula la ku Namibia lija, limene sadafike pansonga pake. Ndipo chibwerereni, ngakhale popita kudimba kumene mtsinje uli pafupi, salephera kutenga kabotolo ka madzi. Azakhali amawaseka, iwo n'kungoti: "Inu simudamve ludzu."